Kodi zikwangwani za mayina a misewu zinayamba liti, nanga maonekedwe ake amasankha ndani?

Nangozo wa ku Area 25:

Ndikupereka moni kwa nonse. Mwezi wathawu ndabwerako ku London kumene ndinakacheza kwa mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino, ndipo popeza iye ankakhala kuntchito tsiku lonse, ndinazolowera kuyenda ndekha m'misewu ya mzindawo. Chimene chinandipatsa mtima woyenda popanda wondiperekeza ndi chakuti pamphambano iliyonse panali chikwangwani choyera cholembedwa dzina la msewu, moti ndikasokera ndinkangoimba foni n'kuwerenga zimene zalembedwa pakhoma, mwanayo n'kundiuza kolowera.

Koma ndinaona kuti zikwangwanizo sizofanana. Pakati pa mzinda zinali ndi zilembo zakuda zoongoka bwino, pambali pake pali zilembo zofiira monga SW1 kapena W1, ndipo m'munsi mwalembedwa City of Westminster. Kudera kumene amakhala mwanayo zilembo zake zinali zamtundu wina, ndipo zikwangwani zambiri zinali zaimiritsidwa pansi pa timiyendo tiwiri tatifupi. Titapita ku Paris pa sitima kwa masiku awiri, kumeneko ndinapeza zabuluu zokhala ndi mzere wobiriwira m'mphepete, zonse zokhomedwa pamakoma a nyumba.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa chaka chatha bambo a kunyumba kwanga atadwala usiku, woyendetsa galimoto amene tinamuitana anazungulira pafupifupi theka la ola osapeza geti lathu, ine ndili pafoni kumuuza kuti akadutsa chigayo akhote kumanzere, pamene mumdima chigayocho iye sankachiona. Ndiye ndikufunsa kwa odziwa: mwambo wokhoma mayina a misewu unayamba liti, ndani amasankha mtundu ndi kalembedwe ka zilembo, ndipo kodi pali chifukwa chenicheni chimene mzinda wina umasankhira buluu, wina zoyera, wina zobiriwira?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:

Mayi Nangozo, pepani ndi zimene munakumana nazo usiku umenewo, ndipo ndikhulupirira kuti bambo anachira. Ndiyankha mbali ya mbiri, makamaka ya Paris, chifukwa kumeneko n'kumene nkhaniyi inalembedwa mwadongosolo.

Choyamba tiyenera kusiyanitsa dzina la msewu ndi chikwangwani chake. Mayina ndi akale kwambiri kuposa zikwangwani. M'mizinda ya ku Ulaya anthu ankatchula msewu potengera tchalitchi chimene chili pamenepo, malonda amene amachitikapo, kapena chithunzi chopachikidwa pakhomo la sitolo kapena nyumba ya alendo, ndipo popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, chithunzi cha mkango kapena cha kiyi chinkathandiza kuposa mawu olembedwa. Kunena zoona, sizinkasiyana ndi mmene ife timalondolerana ndi chigayo, mjigo kapena mtengo wa mbawa, ndipo njira imeneyi imagwira bwino ntchito malinga ngati onse okhala m'deralo akudziwana. Imayamba kulephera pamene mzinda wadzaza ndi alendo, ndiponso pamene boma likufuna kupeza munthu aliyense payekha.

N'chifukwa chake amene analamula zikwangwani zoyamba ku Paris sanali katswiri wa zokongoletsa ayi, koma mkulu wa apolisi. Mu 1728 René Hérault analamula kuti eni nyumba za kumayambiriro ndi kumathero a msewu uliwonse akhome kachitsulo kolembedwa dzina la msewuwo. Tizitsuloto sitinakhalitse, tina anthu ankatizula, moti chaka chotsatira, mu 1729, lamulo linasintha n'kunena kuti dzinalo lizigobedwa pamwala womangidwira m'khoma lenilenilo. Mpaka lero, munthu akayenda m'madera akale a mzindawo n'kukweza maso, amaona mayina ogobedwawo ali pafupi ndi chikwangwani chabuluu chamakono. Pa ena mwa iwo mawu akuti Saint anafufutidwa ndi tchizulo pa nthawi ya kuukira ufumu kumene kunayamba mu 1789, pamene olamulira atsopano sankafuna mayina a oyera mtima a mpingo, ndipo chipsera chake chikuonekabe pamwalapo. Ine chinthu chimenechi chimandigwira mtima, chifukwa chimasonyeza kuti kuyambira pachiyambi pomwe, chikwangwani cha msewu chakhala malo amene olamulira amalembapo maganizo awo.

Manambala a nyumba anakonzedwa mwadongosolo mu 1805, m'nthawi ya Napoleon: manambala ogawika ndi 2 kudzanja lamanja, osagawika kumanzere, ndipo kuwerenga kumatsatira mtsinje wa Seine, kotero kuti m'misewu yochoka kumtsinje manambala aang'ono amakhala kufupi ndi madzi. Buluu amene munamuonayo anabwera mu 1844, pamene Rambuteau, yemwe ankayang'anira mzindawo, analamula zilembo zoyera pamwamba pa buluu, zopangidwa pamiyala ya ku Volvic yochokera ku mapiri amene anaphulika kalekale, yokutidwa ndi enamel. Enamel ameneyu ndi yemwe uja wa mbale ndi makapu achitsulo oyera amene tinkadyera kale: ndi galasi losungunulidwa m'ng'anjo n'kumatirira pamwamba, ndipo dzuwa kapena mvula sizimusintha mtundu. Pambuyo pake anayamba kugwiritsa ntchito chitsulo m'malo mwa mwala. Nambala imene ili pamwamba pa chikwangwanicho, m'kachigawo kozungulira kaja, imasonyeza dera la mzinda, pakuti kuyambira mu 1860 Paris anagawidwa m'madera 20.

Mizinda ina inagwiritsa ntchito chimene inali nacho pafupi. Ku Rome ndi miyala ya nsangalabwi yogobedwa, ku Lisbon mumapezeka zina za matailosi, ndipo ku Venice amangopaka pulasitala woyera pakhoma n'kulembapo ndi utoto wakuda, ndipo eni ake amazitchula kuti nizioleti, kutanthauza tinsalu tapabedi. Choncho pa funso lanu la mtundu, yankho langa ndi lakuti m'mizinda yakale mtunduwo unachokera ku zipangizo ndi ku lamulo la munthu mmodzi waudindo, kenaka chizolowezi chinausunga mpaka unasanduka nkhope ya mzindawo.

Mwana wa ku Chipata amene ali ku Leeds:

Aphunzitsi afotokoza bwino za Paris. Ine ndiwonjezerepo za ku Britain kuno, chifukwa mayi athu afunsa chimene zikwangwani za London zimasiyanirana dera ndi dera.

Chifukwa chake n'chakuti kuno udindo wotcha ndi kulemba mayina a misewu uli m'manja mwa makhonsolo, ndipo London yokha ili ndi makhonsolo 32, osawerengera kadera kakale kotchedwa City of London kamene kali ndi ulamuliro wake. Khonsolo iliyonse imasankha kalembedwe kake. Zimene munaziona pakati pa mzinda zija ndi za khonsolo ya Westminster, ndipo anazikonza ndi Misha Black pamodzi ndi anzake a kampani yokonza maonekedwe a zinthu yotchedwa Design Research Unit chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Luso lake lili pa kusanja zinthu potengera kufunika kwake: dzina la msewu ndi lalikulu ndi lakuda chifukwa ndilo munthu akufuna poyamba, zilembo za positi ndi zofiira kuti zisasokonezeke ndi dzinalo, ndipo dzina la khonsolo lili pansi, laling'ono, kuseri kwa mzere.

Zilembo zofiirazo zili ndi mbiri yakeyake, ndipo apa pakuoneka kuti pambuyo pa apolisi, amene anakankha nkhaniyi ndi anthu a makalata. Mtengo wotumizira kalata utatsitsidwa mu 1840, makalata anachuluka kwambiri, pamene London inali ndi misewu yambirimbiri ya dzina limodzi, monga King Street ndi Church Street. Choncho cha m'ma 1857 mzinda unagawidwa m'zigawo za positi zotchulidwa ndi mbali za dziko, monga N kumpoto ndi SW kum'mwera chakumadzulo, ndipo misewu yambiri ya mayina obwerezedwa inapatsidwa mayina atsopano. Manambala otsatira zilembozo anawonjezedwa mu 1917, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, pofuna kuthandiza antchito atsopano amene analowa m'malo mwa osankha makalata odziwa mzinda amene anapita kunkhondo.

Pa kalembedwe ka zilembo panali mkangano umene ine ndimauona kuti sunathe mpaka lero. David Kindersley, katswiri wogoba zilembo pamiyala amene anaphunzira ntchitoyo kwa Eric Gill, anakonza zilembo zazikulu zokhazokha zokhala ndi timichira kumapeto, ndipo boma linazivomereza m'zaka za m'ma 1950 kuti zizigwiritsidwa ntchito pa mayina a misewu. Ndizo zimene mumaziona m'matauni ambiri kuno, ndipo ndikuganiza kuti ndi zimene mayi anaziona kudera la mwana wawo. Koma pamene dziko linayamba kumanga misewu ikuluikulu yothamangamo magalimoto, ntchito yokonza zikwangwani zolondolera njira inapatsidwa kwa Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, mayi wobadwira ku South Africa, ndipo iwo anasankha zilembo zopanda timichira, zosakaniza zazikulu ndi zazing'ono. Mfundo yawo inali yakuti woyendetsa galimoto sawerenga chilembo chimodzichimodzi, koma amazindikira mawu ndi thupi lake lonse, mmene zilembo zina zimatulukira m'mwamba ndi zina m'munsi, pamene mawu a zilembo zazikulu zokhazokha onse amaoneka ngati njerwa. Kindersley anatsutsa, ndipo pa kuyesa kumene kunachitika zilembo zake zinapezeka kuti zimawerengeka bwino pang'ono kuposa zinazo, komabe za Kinneir ndi Calvert ndi zimene zinasankhidwa. Mapeto ake, m'misewu ikuluikulu muli za awiriwa, pamene pamakona a m'matauni zambiri zikadali za Kindersley.

Za kuika pansi kapena pamwamba, zapansi zija zimathandiza kuti nyali za galimoto ziziwunikire usiku, koma vuto lake ndi lakuti galimoto ikaimikidwa patsogolo kapena mpanda wa maluwa ukakula, dzina limabisika. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo, ndipo m'nyengo yozizira, pamene kumada 4 koloko masana, ndakhala ndikutsika m'galimoto kukapatula masamba ndi dzanja kuti ndione ngati ndafika msewu woyenera.

Mmisiri wa zikwangwani ku Limbe:

Zikomo akuluakulu pa mbiri imeneyi, zambiri ndazimva koyamba. Ine ndalemba zikwangwani zaka zoposa 20, kuyambira nthawi ya burashi mpaka pano pamene makina ndi amene amadula zilembo, ndipo ndikufuna kutsutsako pang'ono mawu a aphunzitsi akuti mtundu ndi nkhani ya chizolowezi. M'mizinda yakale ya anthu oyenda pansi zinali choncho, koma galimoto itabwera, mtundu ndi kukula kwa zilembo zinasanduka nkhani ya muyeso.

Chitsanzo chabwino ndi America. Kumeneko kuli buku la malamulo a zikwangwani lotchedwa MUTCD, limene linatuluka koyamba mu 1935, ndipo ndilo linachititsa kuti mizinda yambiri ikhale ndi zikwangwani zobiriwira za zilembo zoyera, ngakhale limalolanso buluu, khofi ndi zoyera. Mzinda wa New York unali ndi mitundu yosiyana pa chigawo chilichonse, mwachitsanzo zachikasu ku Manhattan ndi zakuda ku Brooklyn, koma m'zaka za m'ma 1980 unazisintha n'kuika zobiriwira. Buku lomwelo, m'kope la 2009, linalamula kuti mayina a misewu azilembedwa mosakaniza zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mfundo ija ya Kinneir ndi Calvert. Limawerengeranso kuti inchi imodzi ya kutalika kwa chilembo imawerengeka pa mtunda wa mafiti 30, kutanthauza kuti chilembo cha masentimita 15 munthu amachiwerenga ali pa mamita pafupifupi 55. Amaika chikwangwanicho pamwamba pa pholo pamphambano, timapale tiwiri topingasana, kuti wochokera mbali iliyonse aone.

Chachiwiri ndi kunyezimira usiku, ndipo apa ndi pamene pali yankho la vuto la mayi Nangozo. Kampani ya 3M inatulutsa pepala lomata lonyezimira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, lokhala ndi timikanda tagalasi tosaoneka ndi maso timene timabweza kuwala kwa nyali komwe kwachokera, ndiko kuti m'maso mwa woyendetsa. Amakono ali ndi timagalasi tangodyangodya tobweza kuwala kochuluka. M'dera lopanda magetsi a mumsewu, chikwangwani cha penti wamba chimagwira ntchito masana okha, ndipo anthu amasochera kwambiri usiku.

Ndikapatsidwa ntchito yotere, nthawi zambiri mkangano umakhala pa mtengo. Wogula amafuna lata wopyapyala ndi penti, pamene ine ndimadziwa kuti pakangodutsa mvula ziwiri dzimbiri limayambira pamabowo a mabawuti n'kutsika ngati misozi pamwamba pa zilembo, ndiponso kuti utoto wofiira ndiwo umayamba kufwifwa ndi dzuwa la mwezi wa Okutobala. Aluminiyamu sachita dzimbiri, koma ndi amene amakopa akuba okagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ndinaikapo zikwangwani m'dera lina, ndipo pasanathe miyezi itatu ndinapeza mapholo okhaokha, ena atadulidwa ndi sowo pansi penipeni. Kuyambira pamenepo ndimalangiza zinthu ziwiri: kukhoma pampanda wa njerwa wa nyumba ya pakona, pamwamba posafikira dzanja, kapena kuumba chipilala cha simenti chokhala ndi zilembo zolowa mkati, chimene wakuba sangapindule nacho. Nditamva kwa aphunzitsi kuti a ku Paris anachita zomwezo mu 1729 tizitsulo tawo titazulidwa, ndalimba mtima kuti malangizo angawa si olakwika.

Chinanso chimene chimativuta ndi kutalika kwa mayina. Victoria Avenue imakwana bwino, koma Masauko Chipembere Highway imafuna chikwangwani chachitali, ndipo wogula akakana kuwonjezera ndalama, mmisiri amapanikiza zilembo mpaka osawerengeka. Mpata wa pakati pa zilembo ndi wofunika mofanana ndi zilembozo.

Nangozo wa ku Area 25:

Ndathokoza nonse atatu, ndipo bambo anachira ndithu. Ndamvetsa tsopano kuti apolisi, a positi ndi oyendetsa magalimoto aliyense anasiya chizindikiro chake pa kachitsulo kamene ndinkangokaona ngati chokongoletsa. Funso limene landitsalira ndi la kwathu kuno. Misewu ikuluikulu ya mu Lilongwe ili ndi mayina, koma ife timangotchula manambala a ma Area ndi masiteji a minibasi. Kodi kukhoma zikwangwani pakokha kungachititse anthu kuyamba kugwiritsa ntchito mayinawo?

Mphunzitsi wopuma wa ku Zomba:

Amisiri andikonza bwino pa za muyeso, ndipo ndavomera. Pa funso lanu lachiwiri, mayi, ndikuona kuti chikwangwani chimathandiza, koma pachokha sichikwanira.

Lilongwe anakonzedwa papulani ngati likulu latsopano, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, ndipo manambala a ma Area amene anali a okonza mapulani ndi amene analowa m'kamwa mwa anthu. Si ife tokha amene tili ndi dongosolo lotere, pakuti m'mizinda yambiri ya ku Japan keyala imatsatira manambala a zigawo ndi midadada ya nyumba, misewu yambiri ilibe mayina, koma makalata amafika chifukwa manambalawo amatsika mpaka pa nyumba imodzi ndipo amakhomedwa poonekera. Ifeyo timathera pa Area ndi sekita, kuchokera pamenepo n'kudalira kufunsa. Kufunsa si kulakwa, paja safunsa anadya phula, koma pakati pa usiku wofunsidwayo amakhala atagona. Ndiponso kwa zaka zambiri makalata athu ankathera m'bokosi la ku positi ofesi, moti panalibe wonyamula makalata woyenda khomo ndi khomo amene akanakakamiza kuti misewu ilembedwe monga zinachitikira ku London. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu, manambala a nyumba ndi manambala a positi mogwirizana ndi makhonsolo, ndipo ine ndikuona kuti idzazika mizu pamene a ambulansi, a madzi, a magetsi, mabanki ndi anyamata a kabaza adzayambe kufunsa keyala imeneyo tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi dzina lenilenilo. Anthu amalandira msanga dzina limene akulidziwa kale, ndipo amachedwa kulandira lobwera ndi mwambo wodula riboni. Msewu wa Midima unapatsidwa dzina la Robert Mugabe mu 2006, koma wokwera minibasi yopita ku Mulanje amanenabe kuti wadzera ku Midima. Ku Lilongwe msewu wa Chilambula unasanduka Paul Kagame Road, ndipo akuluakulu ambiri amatchulabe dzina lakale. Pali mayina ena amene anasinthidwa n'kukhazikika kotheratu, monga Mangochi m'malo mwa Fort Johnston ndi Nsanje m'malo mwa Port Herald, chifukwa mayina amenewo sanali achilendo m'makutu a eni dera. Ku Pretoria, pamene Church Street inagawidwa mu 2012 n'kupatsidwa mayina a Stanza Bopape, Helen Joseph, WF Nkomo ndi Elias Motswaledi, kwa kanthawi anasiya dzina lakale pansi pa latsopano litadulidwa ndi mzere wofiira, kuti oyenda azolowere, ndipo nkhaniyo inafika mpaka kukhoti.

Ndikanakonda kuti makhonsolo athu, asanalembe dzina pa msewu wa m'dera, azikhala pansi ndi mafumu a m'tauni ndi okhalamo n'kufunsa kuti msewuwo amautchula kale kuti chiyani. Ngati anthu a kwanu akhala akunena kuti pa chigayo kwa zaka 30, palibe chochititsa manyazi kulemba Msewu wa Chigayo. Ndikanakondanso kuona mawu akuti Msewu wa pa zikwangwani zathu pambali pa Road ndi Street, monga ku Dublin amalembera m'Chiairishi ndi m'Chingerezi, ndi ku Brussels m'Chifalansa ndi m'Chidatchi. Amisiri a ku Limbe atiuze ngati mizere iwiri yotere ingakwane pa chipilala chawo cha simenti popanda kuchepetsa zilembo, ndiponso ngati pepala lonyezimira lija limamatirira pa simenti kapena pamafunika utoto wina.